Tsiku Limene Ndinasema Benchi ya Ababa

Linali Lamulungu lachiwiri la mwezi wa Julayi, nthawi ya 9 koloko m'mawa, belu lachiwiri la ku tchalitchi litangosiya kulira. Nthawiyo ndikuikumbukira bwino chifukwa ndinkaidikirira. Ndinali chigonere pamphasa, nditafunda chitenje mpaka kumutu, ndikumvetsera nsapato za ababa zikugogoda kulowera kumsewu, amayi akuwalondola pambuyo. Ndinali nditawauza kuti m'mimba mukundipota. Limenelo linali bodza langa loyamba lalikulu, ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi. Ndinanama chifukwa cha benchi, ndiye ndiyambe ndafotokoza za benchiyo.

Tinkakhala ku Likangala, kufupi ndi mtsinje. Ababa anali akalipentala. Kuseri kwa nyumba yathu kunali chisakasa cha malata akale, chopanda zipupa, moti ukakhala m'menemo unkaliona phiri lonse la Zomba litaima patsogolo pako, m'mawa litafunda nkhungu ngati munthu wodwala chimfine. Matabwa a paini ankachokera komweko. Anthu ankatsika nawo pamutu akadali auwisi, akutuluka utomoni womata m'manja. Fungo la paini ameneyo ndilo linali fungo la kwathu. Linkalowa m'zovala, m'tsitsi, ngakhale m'makope anga a kusukulu.

Pakati pa chisakasacho panali benchi yogwirirapo ntchito. Pamwamba pake panali thabwa limodzi lokha la mbawa, lofiirira, lalitali kuposa munthu wamkulu atagona. Kuchindikala kwake kunali zala zisanu za ababa. Ine ndikamayeza ndi zanga ndinkachita kubwereka za dzanja linalo. Mtengo wake unagwa ndi mphepo kumtunda kwa Mulunguzi ababa ali aang'ono, ndipo bambo awo, agogo anga amene sindinawaone, ndiwo anaucheka ndi sowo yaikulu ya anthu awiri. Akuti amuna anayi ndiwo anatsika nalo thabwalo kuchokera m'phiri. Ababa ankakonda kuinena nkhaniyi, ndipo chaka chilichonse onyamulawo ankawonjezekera. Pomwe ndinkakula anali atafika asanu ndi atatu.

Benchiyo inali ndi malamulo ake. Panalibe kukhomapo msomali, panalibe kuikapo kapu ya tiyi. Akamacheka ankayamba ayala kathabwa kena pansi kuti mano a sowo asailume. Loweruka lililonse madzulo ankaisesa, kuipukuta ndi kansalu ka mafuta, n'kuiphimba ndi masaka mpaka Lolemba. Ankati thabwa lochindikala ndilo limadziwa kulandira hamala. Ukamenya, mphamvu yonse imapita pa tchizulo yosemera, benchi imangokhala chete.

Koma thabwa ukamalipala kapena kulibowola limafuna choligwira. Kumapeto kwa benchi kunali kachikhomo kamtengo kamene agogo anasiya, kotsamiritsapo thabwa kuti lisatsetsereke. Kwa matabwa ouma ndi owongoka kankakwanira. Koma paini wa m'phiri akayamba kuuma amapindika ngati nthochi, ndipo pulena yopalira ikangomukhudza amagwedera, kuvina, n'kuthawa. Pankafunika munthu wokhalapo. Kale ankakhalapo achimwene anga a Yohane. Iwo atapita ku Blantyre kukafuna ntchito, amayi anayesa tsiku limodzi. Thabwa linalira n'kung'aluka, iwo n'kutsika akunena kuti sanakwatiwe kuti adzasanduke mwala. Komanso m'mawa uliwonse ankalawirira kumsika ndi dengu la nthochi. Ndiye panatsala ine.

“Esinati, tabwera udzakhale.” Ndikamva mawu amenewo ndinkakwera pabenchi, kukhala chakumapeto kwa thabwa, miyendo ili lendelende, manja atagwira m'mphepete. Pulena inkabwera ikulira, kuima pafupi ndi ntchafu yanga, n'kubwerera. Timakoko ta paini topiringizika tinkagwera pamiyendo panga, tina ndinkativala kuzala ngati mphete. Kunena zoona ntchitoyo ndinkaikonda. Ndinali mwana wamanyazi kwambiri, ndipo pathabwa palibe amene ankandifunsa funso. Ababa ankangoimba nyimbo za kutchalitchi chapansipansi, ine n'kumayang'ana phiri. Choipa chake chinali chakuti ntchito ikachuluka ndinkajomba kusukulu. Sitandade 4 ndinali nditabwereza kale kamodzi.

Sikuti ababa ankasangalala nazo. Tsiku lina anabwera kuchokera kumsika atanyamula chopanira chachitsulo, chija akalipentala ena amati kalampu. Chinali chokhota ngati ngowe, chili ndi kamwa, ndipo ukamapotokola kachitsulo kake kamwalo linkatseka pang'onopang'ono mpaka kuluma. Anafika akumwetulira, n'kunena kuti kuyambira lero mwana apuma. Anaika thabwa la chitseko pabenchi, kutsegula chopanira mpaka kumapeto kwake, n'kuchikankhira m'mphepete. Chinakana kulowa. Kamwa lake linkatseguka zala zisanu ndi chimodzi. Benchi yokha inkadya zala zisanu. Chala chimodzi chotsalacho chinkakwanira timatabwa topyapyala ta mafelemu a zithunzi basi, pomwe matabwa a zitseko ankafuna zala ziwiri kapena zitatu. Munthu amene ankayeza thabwa lililonse kawiri asanadule anali ataiwala kuyeza benchi yake yomwe.

Tsikulo kunabwera a Che Saidi, anansi athu okhoma zidebe ndi mbaula. Iwo anali Asilamu, ife a CCAP komwe ababa anali mkulu wa mpingo, koma ndi ababa ankagwirizana ngati pachibale, kusekana ndiye kosatha. Ine nditawaona akubwera ndinalowa pansi pa benchi, malo anga obisalako alendo. Ndinamva akuseka mpaka kutsokomola.

“Akulu, mwagula nsapato phazi mutalisiya kunyumba?”

“Chitsulo chake ndi chabodza ichi,” anayankha ababa.

“Chitsulo chilibe mlandu. Benchi yanuyi yanenepa. Semani kampata pansi apa, m'mphepetemu, zala ziwiri zokha. Chibwano cha chitsulo chilowe m'menemo, nkhani yatha. Pamwamba simukhudzapo.”

“Benchi ya bambo anga ndiiseme? A Che Saidi, pitani mukakhome zidebe.”

Ababa anayesa njira ina. Anakhoma katebulo ka paini ka thabwa lopyapyala, ndipo pamenepo chopanira chinalowa bwinobwino. Koma atangoyamba kupala, katebulo kanayamba kuyenda kuwatsogolera, mpaka kanakafika pampanda. Atamenya hamala kanadumpha ngati kamwana ka mbuzi. Atalimbitsa chopanira, chitsulo chinamira m'thabwamo n'kuling'amba. Katebulo kaja kanathera kukhitchini kuikapo mbale. Chopanira anachipachika pamsomali wa pamzati, kangaude n'kumangapo nyumba. Ine ndinabwerera pathabwa.

Tsopano ndifike pa sabata ija. Munthu wina wa ku Masongola amene ankamaliza nyumba anapatsa ababa ntchito ya zitseko zinayi ndi mafelemu ake, ndipo ankazifuna pofika Loweruka lotsatira. Sabata yomweyo kusukulu kunali mayeso otsiriza chaka. Aphunzitsi athu, mayi aatali a magalasi, anali atandiimitsa pakhomo la kalasi Lachisanu n'kundiuza kuti ndikajombanso mayeso dzina langa alichotsa m'kaundula, chifukwa sangasunge malo a munthu wosaoneka. Ndinangoyang'ana pansi. Loweruka madzulo, akuphimba benchi ndi masaka, ababa anati, “Sabata ya mawayi tili limodzi, Esinati. Matabwa ake ndi opindika onse.” Za mayeso sankadziwa. Ndikanangotsegula pakamwa n'kuwauza. Ndinangoti, “Eya, ababa.”

N'chifukwa chake Lamulungu lija ndinadwala m'mimba. Mapazi awo atazimiririka ndinadzuka n'kupita kuchisakasa. Kunja kunali chiperoni, kamvula kowaza ngati ufa, phiri losaoneka n'komwe. Ndinavundukula saka limodzi. Ndinatsegula bokosi la zipangizo, limene sindinkaloledwa kuligwira, n'kutenga tchizulo yaikulu ndi hamala yamtengo. Ndinayeza zala ziwiri kuchokera pansi pa thabwa, kenako ndinakumbukira kuti zala zanga n'zazing'ono, n'kuwonjezera chachitatu. Ndinalemba ndi khala. Maganizo anga anali akuti ababa akapeza kampata katasemedwa kale, chopanira chitalowa, alibenso chonena.

Ndinagwada, kuika tchizulo pamzere uja m'mphepete mwa benchi, n'kumenya. Mbawa si paini. Tchizulo inangodumpha, dzanja langa n'kuchita dzanzi. Phokoso lake linamveka lalikulu kwambiri chifukwa Lamulungu m'mawa dera lathu linkakhala zii, kumangomveka mtsinje ndi nkhuku. Ndinadikira. Palibe anabwera. Ndinamenyanso, kachiwiri, kachitatu. Tizidutswa tofiira tinayamba kugwa, tonunkhira fungo lina lowawira limene ndinali ndisanalimvepo, fungo la mkati mwa benchi. Mtima unayamba kukhazikika. Ndinalimbitsa dzanja n'kumenya ndi mphamvu zanga zonse.

Ndinamva kulira ngati nzimbe ikamathyoka. Chimene sindinkadziwa n'chakuti mtengo umang'aluka motsatira mitsempha yake. Wofuna kusema kampata amayamba wacheka ndi sowo mbali ziwiri, kuti kung'alukako kukaime pochekapo. Ndinali nditaona ababa akuchita zimenezo kambirimbiri, nditakhala pomwepo pathabwa, koma sindinadziwe chifukwa chake. Chibenthu chachitali ngati mkono wanga chinang'ambika m'mphepete mwa benchi n'kutsala chikulendewera. Mkati mwake munali mofiira ngati nyama. Nsonga yake inandicheka chala chachikulu. Ndinakhala pansi pa utuchi, chala chili m'kamwa, osalira n'komwe. Mantha akachuluka misozi siituluka.

“Ndimati kapena mkulu wa mpingo wasiya kupemphera.” Anali a Che Saidi, ataima pampanda ndi nyundo yawo m'manja. Analowa, kuwerama, n'kuyang'ana chibenthu chija nthawi yaitali. Anaimba kamluzu. “Abiti Kalipentala, ntchito imeneyi wakutuma ndani?”

Anayeza mzere wa khala uja ndi zala zawo.

“Malo ndiye wayeza bwino. Koma sowo unaiiwala kuti?” Anang'amba kansalu n'kundimanga chala. Ndinkayembekezera kuti atenga guluu n'kukonza ababa asanabwere, koma iwo anapukusa mutu. “Benchi ya mwini sindingaigwire. Usabise kanthu. Usaphimbe ndi saka. Tchizulo isiye pomwepo. Bambo ako si nyalugwe.” Atatero anabwerera kwawo, ndipo posakhalitsa ndinamva nyundo yawo ikulira pachidebe.

Makolo anga anafika dzuwa lili pamutu, nkhungu itayamba kuyera. Amayi analowa m'nyumba kukandiona pamphasa, osandipeza. Ababa ndiwo anandipeza. Anaima pakhomo la chisakasa atavala jekete yawo yakuda, buku la nyimbo lili m'khwapa. Anayang'ana saka lovundukulidwa, tchizulo, hamala, kenako chibenthu. Anayenda pang'onopang'ono, kugwada ndi buluku lawo la kutchalitchi pa utuchi, n'kuyendetsa zala pabala lija ngati mmene amayi ankandigwirira pachipumi ndikatentha thupi. Sanandiyang'ane.

“Chifukwa chiyani?” Mawu awo anali otsika.

Ndinaloza chopanira pamzati. Kenako anatuluka mawu awiri okha: “Mawa mayeso.”

“Mayeso? Nanga osanena bwanji?”

Amayi anali atafika kumbuyo kwawo, atagwira m'chiuno. “Mwana wanuyu munamumvapo akunena kanthu chibadwire? Inu mumayeza matabwa okha?”

Ababa anadzuka, kusasa mawondo, n'kuphimba benchi ndi saka lija. Tchizulo anaisiya pansi pomwepo. Iwo Lamulungu sankagwira chipangizo chilichonse, ngakhale kuchitola. Ndipo panali lamulo lina limene ana a m'nyumba mwathu tinkalidziwa bwino: Lamulungu sankakwapula mwana. Ankasungira Lolemba. Achimwene a Yohane ankati mkwapulo wogona ndi umene umawawa kwambiri, chifukwa umayamba kuumva dzulo lake.

Masana onsewo ndinakhala pakhonde ndikusenda nandolo ndi amayi. Ababa anakhala pampando wawo pansi pa mtengo wa mapeyala, buku lili pamiyendo, tsamba osatembenuza. Nthawi ina a Che Saidi anabwera n'kukhala nawo. Ankalankhula motsitsa, ndipo kamodzi ndinamva a Che Saidi akuseka, koma ababa sanaseke. Ndinatenga kope langa la masamu kuti ndiwerenge, manambala ankangosambira. Sindinkadziwa ngati m'mawa ndidzavale yunifolomu kapena diresi lakale lokhalira pathabwa. Zonse ziwiri ndinazipinda n'kuziika kumutu kwa mphasa.

Lero ndine mayi wa mwana mmodzi, ndipo ndikulemba izi iye akusewera pansi pa benchi yomweyo. Sukulu sindinapite nayo patali. Ndinalekezera Sitandade 6 ababa atayamba kudwala, koma imeneyo ndi nkhani ina. Kuwerenga ndi kulemba kumene ndikulembera panoku ndinakugwira bwino m'zaka ziwiri zomalizazo, zimene zikanatha kundiphonya. Ababa anatisiya. Benchi inabwera kwa ine chifukwa achimwene anati ku Blantyre alibe poiika. Amuna anga amakonzerapo njinga, ine ndimadulirapo nsalu. Akalipentala a masiku ano a m'mbali mwa msewu amapalitsa matabwa kumakina amagetsi, ndipo matebulo awo ndi opepuka, oti munthu mmodzi amanyamula polowetsa madzulo. Zopanira zimalowa paliponse, koma hamala ikagwa tebulo lonse limanjenjemera. Thabwa la mbawa la zala zisanu sindinalionenso kwina kulikonse. Phiri nalo layera malo ambiri amene kale kunali mdima wa paini. Mwana wanga Tadala ndi wamanyazi ngati ine. Alendo akabwera amathawira pansi pa benchi. Ndaphunzira kumufunsa kawiri, ndipo akati “Eya, amayi” mofulumira, ndimagwada n'kumufunsanso kachitatu.

M'mawa wa Lolemba lija ndinadzidzimuka ndi kulira kwa sowo. Kunali kutangoyamba kuyera. Ndinavala diresi lakale, poganiza kuti ndi bwino mkwapulo undipeze m'menemo, n'kutuluka. Kunkazizira mpaka mpweya kuoneka. Ababa anali chogona chagada pansi pa benchi, utuchi wofiira ukugwera pankhope pawo. Anali atacheka mbali ziwiri zija. Anatenga tchizulo, kumenya kanayi kapena kasanu, ndipo kachidutswa kanagwa koyera bwino ngati sopo wodula ndi mpeni. Anatuluka, kupaka guluu pachibenthu changa, kuchibwezera m'malo mwake n'kuchimanga ndi mphira. Kenako anachotsa chopanira pamsomali, kuuzira kangaude, kuika thabwa la chitseko lopindika kwambiri pabenchi, n'kulowetsa chibwano cha chitsulo mukampata kaja. Chinalowa ngati kwawo. Anapotokola mpaka thabwa linagona. Anayendetsa pulena kamodzi. Thabwa silinagwedere.

Miyendo yanga inali itandifikitsa kale pamalo anga okwerera. Ababa anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

“Ukupita kukalemba mayeso ndi nsanza zimenezo?”

Ndinayang'ana m'manja mwawo. Munalibe mkwapulo. Munali mapensulo awiri, awo omwe olembera pamatabwa, osongoledwa ndi tchizulo. Anandipatsa n'kunena kuti, “Malo ako a pathabwa watenga wina. Koma tsiku lina ukadzafuna kusema, uyambe wacheka. Ndipo ukadzafuna kanthu, uyambe wanena.”

Ndinathamangira m'nyumba, kuvala yunifolomu, kumwa tiyi choimirira. Potuluka ndinadzera kuchisakasa, n'kugwira chibenthu chomangidwa chija kuti ndione ngati guluu wayamba kugwira. Ababa anali atayamba kale kuimba. Ndinawoloka mlatho ndikuthamanga, mapensulo ali m'dzanja la chala chomangidwa nsalu, ndipo ndinafika belu lisanalire. Aphunzitsi ataitana dzina langa ndinayankha mokweza, moti kalasi yonse inatembenuka kuti ione walankhulayo.